Nyongolotsi zimene ndinazidula pakati

Pamene ndinali wamng'ono, ntchito yokumba nyambo inali yanga, chifukwa achimwene anga, amene anali eni ake a mbedza ndi chingwe, ankaona kuti kufukula matope si ntchito ya munthu wamkulu. Ndinkatenga khasu lakutha ndi chitini chakale n'kutsikira kudimba la agogo aakazi, kumunsi kwenikweni pansi pa nthochi kumene nthaka sinkauma ngakhale m'mwezi wa Okutobala, ndipo pamenepo kukhapa kamodzi kokha kunkatulutsa nyongolotsi zingapo. Zina khasu linkazidula pakati. Zidutswa zonse ziwiri zinkaphiriphitha mwamphamvu, ndipo ine ndinkaziponya m'chitini mokondwera, pokhulupirira zimene mwana aliyense wa m'mudzi mwathu ankadziwa, zakuti nyongolotsi ikadulidwa siifa koma imasanduka ziwiri. Tsiku lina ndinaganiza zochulukitsa chuma changa, choncho ndinadula dala nyongolotsi 10 ndi lumo, n'kuzibisa m'chitini cha dothi lonyowa kuseri kwa nkhokwe, ndikuyembekezera kudzapeza 20. Patapita mlungu umodzi ndinakhuthulira dothilo pansi, ndipo ndinapeza zamoyo 6 zokha, zonse zazifupi, pamodzi ndi fungo limene mpaka lero silinandichoke m'mphuno.

Agogo atandipeza ndikufufuza m'dothimo ndi kamtengo, ndinawafotokozera zonse, ndipo iwo anangoseka n'kundifunsa kuti, "Kodi iwe, nkhuku ukaidula pakati, miyendo ija imamera mutu?" Ndinayankha kuti, "Ayi agogo, komatu nyongolotsi ilibe mutu." Iwo anati, "Ilibe mutu chifukwa iwe sunauone." Mawu amenewa anali olondola kuposa mmene iwo eni ankaganizira, ndipo zinanditengera zaka zambiri kuti ndimvetse chifukwa chake theka lina linkakhala ndi moyo pamene linzake linkaola. Yankho lake lili m'timphete timene timaoneka pathupi la nyongolotsi, timene ambirife timangotiona ngati makwinya.

Timphete timeneti si makwinya a khungu chabe. Mzere uliwonse umene umaoneka kunja uli ndi kakhoma kake mkati, moti thupi lonse ndi mndandanda wa tizipinda tolumikizana ngati mfundo za nsungwi, ndipo kachipinda kalikonse n'kodzaza ndi madzi. Akatswiri amaika zamoyo zonse zomangidwa motere m'gulu limodzi lotchedwa Annelida, dzina limene Jean-Baptiste Lamarck wa ku France anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kamphete. M'gululi muli mitundu yoposa 20,000, ndipo ife a kumtunda timadziwamo iwiri yokha, nyongolotsi ndi misundu, pamene yambiri ili m'nyanja zamchere. Bongololo, ngakhale kuti nayenso ali ndi zigawo, si wa m'banjali, popeza ali ndi chikamba cholimba ndi miyendo yamfundo, zimene zimamuika kufupi ndi tizilombo touluka ndi nkhanu. Njoka za m'mimba nazonso si abale a nyongolotsi: zozungulira zija zilibe zigawo n'komwe, ndipo yaphanthiphanthi imene imabwera ndi nyama yosapsa bwino ili m'gulu lina lakutali. Ndanena zimenezi chifukwa ndinamvapo makolo akuletsa ana kugwira nyongolotsi poopa kuti zilowa m'mimba, pamene choopsa chenicheni ndi dothi loipitsidwa ndi chimbudzi, osati nyongolotsiyo.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti chamoyo chimenechi chilibe fupa ngakhale limodzi, komabe chimaboola nthaka imene chala cha munthu sichingalowe. Madzi a m'tizipinda tija ndiwo amagwira ntchito ya mafupa. Madzi sangapanikizidwe kuti achepe, ndiye ukawafinya mbali imodzi amakankhira mbali ina, monga mmene chubu cha njinga chodzaza madzi chimachitira ukachipsinja. Khoma la thupi la nyongolotsi lili ndi minofu ya mitundu iwiri, ina yozungulira thupi ngati lamba, ina yoyenda m'litali kuchokera kumutu kupita kumchira. Minofu yozungulira ikafinya, chigawocho chimawonda n'kutalika, motero chimalasa kutsogolo. Minofu ya m'litali ikakoka, chigawocho chimafupika n'kunenepa, motero chimathina m'ngalande n'kukankha dothi kumbali. Popeza makoma a mkati salola madzi kuthawira thupi lonse, zigawo za kutsogolo zikhoza kukhala zikutalika pa nthawi imene zapakati zanenepa n'kugwira pansi, ndipo kunenepa kumeneku kumayenda ngati funde kuchokera kumutu kupita kumchira pamene nyongolotsiyo ikusunthira kutsogolo. Pakanakhala chipinda chimodzi chokha chachitali, kufinya kulikonse kukanamwazikira thupi lonse ndipo mphamvu yoboolera nthaka ikanachepa kwambiri.

Kuti chigawo chonenepacho chisaterereke, chili ndi timinga ting'onoting'ono tolimba timene timatuluka ndi kubwerera mkati. Aliyense akhoza kutimva: tengani nyongolotsi yaikulu, muyendetse chala chonyowa kumimba kwake kuchokera kumchira kupita kumutu, ndipo mudzamva kukhakhala kumene kulibe mukayendetsa chala kumsana. Mukaiika papepala louma m'chipinda chopanda phokoso, n'kutchera khutu pafupi, mudzamva kukwekwesa kwa timingato. Ndi timeneti timene tinkachititsa kuti nyongolotsi iduke m'manja mwanga ndikamaikoka mwaphuma kuchokera m'dzenje lake, ndipo n'chifukwa chake nkhuku, imene imaidziwa bwino ntchitoyi kuposa mwana, imakoka pang'ono, n'kudikira, n'kukokanso.

Kusekondale tinaphunzira za nyongolotsi kudzera m'chithunzi cha m'buku, ndipo chithunzicho chinali cha Lumbricus terrestris, nyongolotsi ya ku Ulaya, imene ili ndi timinga 8 pa chigawo chilichonse ndiponso lamba wotupa pa zigawo 32 mpaka 37. Ndinapita kunyumba n'kuwerenga zigawo za nyongolotsi za kudimba kwathu, ndipo lamba uja ndinamupeza pafupi kwambiri ndi mutu, ndisanafike n'komwe pa chigawo cha 20. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa kuwerenga, ndipo pa mayeso ndinalemba za m'buku, monga mmene wophunzira aliyense wofuna kukhoza amachitira. Patapita nthawi yaitali m'pamene ndinadziwa kuti sindinalakwitse, koma kuti nyongolotsi za m'madera otentha ndi za mabanja ena, monga la Eudrilidae limene kwawo ndi kuno ku Africa, ndipo zambiri mwa izo lamba wake amakhaladi kufupi ndi mutu. Mpaka pano zimandiwawa kuti tinkaloweza manambala a nyongolotsi ya kutali pamene yathu inali kuseri kwa kalasi, pansi pa mpopi wodontha.

Komabe chithunzi chija chinandithandiza kumvetsa nkhani ya chitini changa. Zinthu zina zimabwerezedwa pafupifupi m'chigawo chilichonse: timinga, minofu, kamfundo ka mitsempha yotumiza uthenga, ndiponso timachubu tiwiri togwira ntchito ya impso. Koma zinthu zina zili kutsogolo kokha. Kumeneko n'kumene kuli kamwa, ndi kaubongo kakang'ono pamwamba pa mmero cha pa chigawo chachitatu, ndi mitsempha ikuluikulu yopopa magazi imene anthu amaitcha mitima, imene mwa nyongolotsi ya ku Ulaya ija ilipo iwiriiwiri m'zigawo 5, kuyambira cha 7 mpaka cha 11. Kumenekonso kuli ziwalo zoberekera, chithokomiro chosungira chakudya, ndi nthutumba yopera chakudyacho mothandizidwa ndi mchenga, ndendende ngati ya nkhuku. Kumbuyo kwa zimenezi kwangotsala matumbo aatali mpaka kumchira. Choncho lumo likadutsa kumbuyo kwa lamba, chidutswa cha kumutu chimakhala ndi zonse zofunika pa moyo, chimatseka bala, ndipo mwa mitundu yambiri chimameretsa mchira watsopano umene poyamba umakhala wowonda ndi wotuwa. Chidutswa cha kumchira chimapitiriza kuphiriphitha chifukwa timfundo ta mitsempha ya m'zigawo zake tikadali kugwira ntchito patokha, koma nthawi zambiri chimafa pakapita masiku, popeza chilibe kamwa yodyera. Ilipo mitundu yochepa, makamaka ya m'madzi, imene chidutswa chilichonse chimatha kumera mutu ndi mchira, koma za kudimba la agogo sizinali m'gulu limenelo. Zamoyo 6 zija zinali mitu.

Nyongolotsi ilibe mapapo. Imapuma ndi khungu lonse, ndipo mpweya umalowa pokhapokha khungulo likakhala lonyowa, n'chifukwa chake nthawi zonse imakhala yoterera ngati yapakidwa therere. Pansi pa khungu pali timitsempha tambirimbiri ta magazi, ndipo magazi ake ndi ofiira chifukwa ali ndi hemoglobini, chinthu chofiira chonyamula mpweya, monga athu, kungoti mwa iyo amangosungunuka m'madzi a magaziwo m'malo motsekeredwa m'maselo ofiira. Mukayang'anitsitsa kumsana kwa nyongolotsi yotuwa mudzaona mzere wakuda umene ukugunda pang'onopang'ono, ndipo umenewo ndi mtsempha waukulu wokankhira magazi kumutu. Kudalira khungu lonyowa kotereku ndiko kumalamulira moyo wake wonse. Dzuwa limaipha m'kanthawi kochepa, mchere ndi phulusa zimaikoka madzi m'thupi mpaka kufa, ndipo ikatha madzi imataya zonse ziwiri nthawi imodzi, mpweya ndi mafupa. M'chilimwe, nthaka ya kumunda ikauma gwa, mitundu yambiri imatsikira pansi, n'kudzikulunga ngati mfundo ya chingwe m'kachipinda kamene yamata ndi zoterera zake, n'kukhala chete osadya mpaka mvula itagwa. Anthu amene amati nyongolotsi zimagwa ndi mvula amangoona kudzuka kwa zimene zinali pansi pa mapazi awo miyezi yonseyo.

Maso ilibe, makutu ilibe, koma si kuti siidziwa zimene zikuchitika. Khungu lake, makamaka kumutu, lili ndi maselo ozindikira kuwala, ndipo chakumimba kwake kuli mitsempha ikuluikulu imene imatumiza uthenga mwaliwiro kuchokera kumutu mpaka kumchira, moti ikamva kugunda kwa phazi imabwerera m'dzenje ngati mphira wotambasulidwa. Katswiri wa zamoyo Charles Darwin anayesa zimenezi kunyumba kwake ku Down, m'chigawo cha Kent ku England, kumene ankasunga nyongolotsi m'miphika ya dothi. Anaziimbira wezulo, anazikuwira, anaziimbira piyano pafupi, koma sizinasunthe; atangoika mphikawo pamwamba pa piyanoyo n'kugunda kiyi imodzi, zinathawira pansi nthawi yomweyo, kusonyeza kuti sizimva phokoso la mumpweya koma zimamva kunjenjemera kwa pansi. Iye anayamba kulemba za nyongolotsi mu 1837, ndipo buku lake lomaliza, limene linatuluka mu 1881 kutatsala miyezi yochepa kuti amwalire, linali la nkhani yomweyi. Chimene ndimachikonda kwambiri pa ntchito yakeyo ndi kudekha kwake. Mu 1842 anamwaza zidutswa za choko pamwamba pa munda wa udzu pafupi ndi nyumba yake, ndipo mu 1871, patatha zaka 29, anakumba ngalande n'kupeza choko chija chili pamzere pafupifupi masentimita 18 pansi. Palibe amene anachikwirira koma nyongolotsi, zimene zinkameza dothi la pansi n'kukalitaya pamwamba usiku ndi usiku. Anawerengera kuti m'madera ambiri a ku England dothi loposa matani 10 limadutsa m'matumbo a nyongolotsi pa ekala imodzi chaka chilichonse, ndipo tikaziyerekeza ndi matumba a makilogalamu 50 amene timawadziwa, amenewo ndi matumba oposa 200.

Sindinganene kuti manambala a ku England amenewa ndi a minda yathu, chifukwa kumtunda kouma chiswe ndi nyerere zimagwira gawo lalikulu la ntchito yotembenuza nthaka, ndipo nyongolotsi zimachuluka m'madimba, m'madambo ndi pansi pa mitengo. Koma mlimi aliyense amene anasiyapo mapesi m'munda m'malo mowatentha amadziwa kusiyana kwake akavundukula mapesiwo m'dzinja: pansi pake pamakhala timiulu ta dothi lofewa lokhala ngati lapotedwa, ndi timabowo timene madzi a mvula amalowera m'malo mothamanga m'migula. Munda umene chaka ndi chaka umatenthedwa pofuna mbewa, n'kugalauzidwa pounga mizere, umasiya nyongolotsi zopanda chakudya ndi zopanda mthunzi, ndipo zochepa zimene zatsala zimathera m'kamwa mwa nkhuku ndi linthumbu.

Lamba wotupa uja, amene akatswiri amamutcha clitellum, amaoneka pokhapokha nyongolotsi ikakhwima, ndipo ntchito yake ndi yodabwitsa. Nyongolotsi iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, komabe mitundu yambiri imafunabe inzake. Ziwirizo zimagundanitsa mimba, mutu wa iyi utaloza kumchira kwa inayo, n'kupatsana umuna umene iliyonse imasunga m'timatumba take, kenako zimasiyana. Pambuyo pake lamba uja amatulutsa kamphete koterera kamene nyongolotsi imakavula ngati malaya kudzera kumutu, ndipo pamene kampheteko kakudutsa kamatola mazira pa chigawo china ndi umuna wa inzake uja pa chigawo china. Kakangovuka kumutu, mbali zake ziwiri zimatsekeka n'kukhala kachikwa kooneka ngati ndimu kakang'ono, kosaposa kwenikweni njere ya mapira, ndipo pakapita milungu ingapo mumatuluka tiana tofanana kale ndi makolo, toyera ngati ulusi.

Msundu nawonso uli ndi lamba wotere, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zizindikiro zakuti ndi mbale weniweni wa nyongolotsi, ngakhale kuti ambirife timauda. Ndinakumana nawo koyamba ndikuwoloka dambo m'dzinja, ndipo sindinamve kalikonse mpaka pamene ndinaona magazi akutsika m'katumba, ndi kanthu kakuda kofufuma katakakamira kuseri kwa bondo. Thupi lake ndi la nyongolotsi imene yasiya ntchito yokumba: timinga mitundu yambiri ilibe, makoma a mkati anatha, zigawo zake n'zopitirira pang'ono 30 ndipo chiwerengerocho sichiwonjezeka, ndiye m'malo moyenda ndi funde umayenda pomata kutsogolo, n'kukoka thupi, n'kumatanso kumbuyo. Ukadulidwa sumeranso. Mitundu yambiri yoyamwa magazi ili ndi nsagwada zitatu zimene zimasiya bala looneka ngati chilembo cha Y, ndipo malovu ake ali ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, amene John Berry Haycraft anawazindikira mu 1884 ndipo pambuyo pake anatchedwa hirudin. N'chifukwa chake bala la msundu limapitiriza kukha magazi kwa maola angapo. Madokotala a ku Ulaya a zaka za m'ma 1830 ankagwiritsa ntchito misundu mamiliyoni ambiri pa matenda amene sinkachiza n'komwe, koma masiku ano yapeza ntchito yoona, yoyamwa magazi ounjikana pa chala kapena khutu limene madokotala alilumikizanso, ndipo mu 2004 boma la America linailoleza mwalamulo pa ntchito yachipatala. Tsiku limenelo kudambo mayi ena anandithira mchere pabalapo ndipo msundu unagwa, koma njira yabwino ndi kulowetsa chikhadabo pansi pa kamwa yake n'kuukankhira kumbali, chifukwa mchere kapena moto umauchititsa kusanzira m'bala.

Abale a m'nyanja zamchere ndi amene amasonyeza kutalika kwa ulendo umene thupi la zigawo layenda. Ku Samoa kuli nyongolotsi yotchedwa palolo imene imakhala m'mabowo a miyala ya pansi pa nyanja, ndipo kamodzi kapena kawiri pachaka, mu Okutobala kapena Novembala, patapita pafupifupi mlungu umodzi mwezi utakhala wathunthu, zigawo zake za kumbuyo zodzaza mazira kapena umuna zimaduka zokha n'kuyandama pamwamba pa madzi usiku, zambirimbiri nthawi imodzi. Anthu amapita ndi nyali ndi maukonde kukaziwola monga mmene ife timachitira ndi ngumbi mvula ikayamba, ndipo amazidya ngati ndiwo yapamwamba, pamene mutu umatsala m'bowo n'kumeretsa zigawo zina za chaka chamawa. Zimene ine ndinkachita ndi lumo mwaumbuli, palolo imazichita yokha pa nthawi yake, ndipo nayonso mbali imene imapitiriza moyo ndi ya kumutu. Mu 1977 akatswiri amene anatsika ndi sitima yaing'ono yotchedwa Alvin pafupi ndi zilumba za Galápagos anapeza, pa kuya kwa mamita pafupifupi 2,500, nyongolotsi zotalika mamita awiri zokhala m'machubu oyera pafupi ndi akasupe otentha. Zikakula sizikhala ndi kamwa kapena matumbo, koma zimadyetsedwa ndi mabakiteriya okhala m'thupi mwawo, ndipo zigawo zake zatsala kumapeto kwenikweni kwa mchira, kumene zimagwirira chubu. Pa za kutalika, sitifunika kupita kutali choncho: nyongolotsi ya mtundu wa Microchaetus rappi imene inapezeka mu 1967 pafupi ndi King William's Town ku South Africa inayezedwa mamita 6.7.

Masiku ano ndimakhala m'tauni, ndipo kuseri kwa nyumba ndili ndi beseni losweka limene ndimaweteramo nyongolotsi zofiira za mtundu wa Eisenia fetida, zimene sizikumba pansi koma zimakhala m'zinyalala zoola, ndipo zimasandutsa makoko a nthochi ndi masamba ofota kukhala manyowa akuda a mbewu zanga zamasamba. Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, amene ali mu Sitandade 5, anabwera kudzacheza, ndipo ataona beseni lija anandiuza motsimikiza kuti, "Amalume, mukazidula pakati zichuluka msanga." Ndinamupatsa kamtengo n'kumuuza kuti afufuze pang'onopang'ono pansi pa makoko. Anapeza tizikwa 9, tina tachikasu, tina tofiirira chifukwa tinali pafupi kuswa, ndipo tinatiika pansalu yonyowa m'mbale yovundikira kuti aziyang'anamo m'mawa uliwonse. Pa tsiku lachinayi kachikwa kamodzi kanali katatseguka kunsonga, ndipo pansalupo panali tiana titatu, timene anayesa kutiwerenga zigawo ndi galasi la magalasi anga owerengera, koma tinkasuntha kwambiri moti ankangosokonezeka akafika pa 12.